Zikwa za agulugufe sizinaswe ndipo chisanu chayandikira: ndizisunge motani?

Nabanda, Leicester

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene anawetapo agulugufe m'mayiko ozizira ano. Ndili ndi kadimba kobwereka kuno ku Leicester kumene ndimalima repu ndi kabichi, ndipo chakumapeto kwa Seputembala ndinapeza mbozi zambiri zachikasu chosakanikira ndi kubiriwira, zamadontho akuda, zitaunjikana pansi pa masamba. Anzanga olima nawo anandiuza kuti ndi mbozi za gulugufe woyera wamkulu amene kuno amamutchula kuti Large White, mdani wodziwika wa aliyense wolima kabichi. M'malo moziphwanya zonse, ndinatengako zochepa n'kuziika m'bokosi lapulasitiki lovindikira ndi kansalu ka neti, kuti ana anga aone ndi maso awo mmene mbozi imasandukira gulugufe.

Mbozizo zinadya masamba a repu mpaka kukula, kenako zinasiya kudya, zinakwera m'mbali mwa bokosi, chilichonse chinadzimangirira ndi kaulusi m'chiuno, ndipo zitafundula khungu zinasanduka zikwa zotuwa zamadontho akuda. Ndinawerenga kuti gulugufe ameneyu amatuluka m'chikwa pakapita milungu iwiri, koma tsopano tikulowa mu Novembala ndipo palibe ngakhale chimodzi chimene chasonyeza kusintha. Bokosilo lili pabalaza pafupi ndi chotenthetsera nyumba, chifukwa ndinkaopa kuti kuzizira kungaziphe.

Kodi zikwazi zafa, kapena zikadali moyo? Ngati zili moyo, ndizisunge pati mpaka nyengo yachisanu itatha? Ndiponso ndikufuna kudziwa ngati kudakali agulugufe amene ana angawaone panja m'milungu ino, popeza maluwa ambiri afota ndipo masamba akuyoyoka.

Bambo Mwale, Norwich

Mayi Nabanda, musataye zikwazo. Malinga ndi mmene mwafotokozera, zikadali moyo, ndipo zikuchita zimene chikwa cha Large White chimayenera kuchita m'nyengo ino. Chimene chingaziphe ndi kutentha kwa pabalaza panupo, choncho chotsani bokosilo lero lomwe.

Milungu iwiri imene munawerengayo ndi yoona kwa mbozi zimene zimakula mu Juni ndi Julayi. Gulugufe ameneyu amabereka kawiri pachaka kuno ku Britain, ndipo chaka chikafunda amafika katatu, koma mbadwo womaliza sutuluka chaka chomwecho. Mbozi ikamakula, thupi lake limayeza kutalika kwa usana. Mu Juni dzuwa limakhala kunja maola oposa 16 kuno ku England, pamene kumapeto kwa Seputembala limakhala maola 12 okha, ndipo mbozi imene yakula usana ukufupika imapanga chikwa choima kukula, chimene asayansi amati chili mu diapause. Zimenezi zimakhazikika mbozi isanasanduke chikwa n'komwe, ndiye chifukwa chake kutenthetsa chikwacho pambuyo pake sikuchichititsa kuswa pa milungu iwiri ija. Chimafunika kupyola m'milungu yambiri ya kuzizira, ndipo pokhapo m'pamene kufunda kwa Epulo ndi Meyi kumachidzutsa. Chikakhala m'nyumba yotenthetsedwa chimauma, kapena chimamaliza mafuta a m'thupi amene chinasungira ulendo wonsewo, kapenanso gulugufe amatuluka mu Januwale kunja kulibe duwa ngakhale mnzake woti akwerane naye. Zonse zitatuzi mapeto ake ndi imfa.

Malo abwino ndi shedi kapena galaja yosatenthetsedwa, mbali imene dzuwa silifika. Musaike bokosilo pawindo, chifukwa ngakhale mu Febuluwale dzuwa likawomba pagalasi mkati mwa bokosi mumafunda kwambiri. Za chisanu musade nkhawa, poti kutchire zikwa zimenezi zimakhala pamakoma ndi pamipanda nyengo yonseyo popanda chofunda. Adani enieni m'shedi ndi mbewa, akangaude ndi chuku. Bokosi likhale lolimba moti mbewa isaboole, likhale ndi neti yothina kuti mpweya uzilowa, ndipo muchotse masamba onse otsala ndi zitosi za mbozi, chifukwa chuku chimayambira pamenepo. Zikwa zimene zamamatira m'mbali mwa bokosi musazikanganule. Ngati china chagwa chokha, chigonekeni pakapepala kofewa kouma.

Pofuna kudziwa chamoyo, yang'anani mtundu ndi kulemera kwake. Chikwa chamoyo chimasunga mtundu wake ndipo chimakhala ndi kulemera ndithu, pamene chakufa chimada, chimapepuka ndipo nthawi zina chimakhala ndi tizibowo. Ena amakhudza kumchira ndi kaburashi kofewa kuti aone ngati chigwedezeke, koma chikwa chimene chagona kwambiri chikhoza kukhala chete chili moyo, ndipo ine sindikonda kuti ana azichikhudzakhudza.

Mwina ana angakondwe kudziwa kuti mwa mitundu 59 ya agulugufe imene imawerengedwa ku Britain, pafupifupi uliwonse uli ndi njira yake yopyolera m'chisanu. Yambiri imapyola ili mbozi, yobisala m'munsi mwa udzu. Brown Hairstreak amapyola ali dzira loyera lomatidwa pamphanda ya kanthambi ka chitsamba chaminga chotchedwa blackthorn. Agulugufe oyera, pamodzi ndi Orange-tip, Holly Blue ndi Swallowtail, amapyola ali zikwa, ndipo Speckled Wood yekha amatha kupyola ali mbozi kapena ali chikwa. Ochepa kwambiri ndi amene amagona ali ndi mapiko kale.

Nangozo, Zomba

Achemwali a Nabanda ndi Bambo Mwale, nkhani yanu yandikhudza chifukwa ndimaphunzitsa sayansi ndipo timaweta mbozi za pamtengo wa mandimu ndi ophunzira. Kuno nyengo ikuyenda mosemphana ndi yanu, poti pamene inu mukutseka chaka cha tizilombo, ife tikudikira mvula yoyamba imene idzadzutse chilichonse. Kutalika kwa usana kuno kumangosintha pakati pa maola 11 ndi 13 chaka chonse, choncho agulugufe athu amayendera kwambiri kutentha ndi mvula, ndipo vuto lawo lalikulu ndi miyezi youma imene udzu umapsa.

Pali gulugufe wamng'ono wakhofi wotchedwa Bicyclus anynana amene amasonyeza zimenezi momveka bwino. Mu 1988 agulugufe aakazi pafupifupi 80 a mtundu umenewu anatengedwa ku Nkhata Bay kupita ku yunivesite ya Leiden ku Netherlands, kumene Paul Brakefield ndi anzake anayamba kuwaweta, ndipo zidzukulu zawo zakhala zikufufuzidwa m'mayunivesite a mayiko angapo kuchokera nthawi imeneyo. Mbozi zake amazidyetsa masamba a chimanga chanthete, ndipo agulugufewo amawapatsa nthochi yakupsa. Anapeza kuti mbozi yokulira pamalo ofunda, pa madigiri 27, imatulutsa gulugufe wokhala ndi madontho akuluakulu onga maso kunsi kwa mapiko, amene ndi maonekedwe a m'dzinja. Mbozi yokulira pamalo ozizira, pa madigiri 19, imatulutsa gulugufe wa timadontho tosaoneka bwino, wofanana ndi tsamba louma, amene amakhala moyo miyezi yonse ya chilimwe n'kudzaikira mazira udzu ukaphuka. Ndi mtundu umodzi womwewo, mazira a mayi mmodzi, koma nyengo imene mboziyo yakuliramo ndi imene imasankha. Zikugwirizana ndi zimene Bambo Mwale anena, kuti mbozi ndi imene imamva nyengo, ndipo woweta akasokoneza nyengoyo m'nyumba amasokoneza zonse zotsatira.

Komabe ndili ndi funso limene mlimi aliyense kuno angafunse. Mbozi zimenezi zimamaliza dimba la kabichi n'kusiya mitsempha ya masamba yokha. Kodi n'chilungamo kuzisamala nyengo yonse yachisanu kenako n'kukaziulutsa pafupi ndi madimba a anzanu? Ine ndikadakonda kuti ana aphunzire ndi gulugufe amene saononga ndiwo za munthu.

Nabanda, Leicester

Zikomo kwambiri Bambo Mwale ndi Mayi Nangozo. Bokosilo ndalisamutsira m'shedi ya kuseri kwa nyumba, mbali yopanda dzuwa. Funso la Mayi Nangozo ndalimva, ndipo ndikufuna kumva maganizo a ena pa nkhaniyo.

Pali zinthu zina ziwiri zimene zikundizunguza. Mbozi imodzi sinasanduke chikwa. Inakwera monga zinzake, koma pambali pake panaoneka timibulu tachikasu tambiri tolukidwa ndi ulusi, ndipo inakhala pamwamba pa timibuluto osadya mpaka inafa. Ana akuti ndi mazira ake, koma ine ndikudziwa kuti mbozi siikira mazira. Chachiwiri, m'chipinda chogona cha pamwamba tapeza gulugufe wakuda atapinda mapiko kuseri kwa katani, ndipo atatambasula tinaona kuti pamwamba ndi wofiira wokhala ndi madontho anayi onga maso. Madzulo nyumba ikafunda amayamba kudzimenyetsa pawindo. Kodi timutulutse panja?

Bambo Chisale, Bristol

Mayi Nabanda, timibulu tachikasuto ndi tizikwa ta timavu tating'onoting'ono totchedwa Cotesia glomerata. Kamavu kakakazi kamabaya mbozi ikadali yaing'ono n'kuikira mazira ambiri m'thupi mwake, ndipo timphutsi take timakulira momwemo tikudya madzi a m'thupi la mboziyo koma tikupewa ziwalo zimene zingaiphe msanga. Mboziyo ikafika msinkhu wosanduka chikwa, timphutsito timaboola khungu n'kutuluka pamodzi, ndipo timaluka tizikwa tawo tachikasu pambali pake. Mbozi yovulalayo imakhalabe pomwepo, nthawi zina imalukanso ulusi pamwamba pa tizikwato ndi kugwedeza mutu china chikayandikira, mpaka imafa ndi njala. Mbozi yanuyo inabayidwa kudimba musanaitenge n'komwe, ndipo palibe chimene mukadachita. Timavuti sitiluma munthu. Tichotseni m'bokosi n'kukatiika pamalo otetezeka kudimba, chifukwa chaka chamawa ndi timeneti tidzakuchepetserani mbozi pa repu wanu. Kwa ine phunziro limeneli n'lofunika kwa ana mofanana ndi kuona gulugufe akutuluka.

Gulugufe wa m'chipindayo ndi Peacock, mmodzi mwa ochepa aja amene amagona ali ndi mapiko, pamodzi ndi Small Tortoiseshell, Comma ndi Brimstone. Peacock ndi Small Tortoiseshell amalowa m'nyumba kumapeto kwa nyengo yofunda pofuna malo amdima ndi ozizira, ndipo zinthu zimawayendera bwino mpaka tsiku limene eni nyumba ayatsa chotenthetsera. Akadzuka amaononga mphamvu zimene anasunga kuchokera m'timadzi ta maluwa. Musamuponye panja usiku kapena kukugwa mvula. Mugwireni mosamala ndi kabokosi kamakatoni, muike kabokosiko pamalo ozizira kwa theka la ola kuti akhazikike, kenako mukamuike pakhoma kapena padenga la mkati mwa shedi ija. Onetsetsani kuti shediyo ili ndi mpata wotulukira, chifukwa mu Malichi kukafunda adzafuna kutuluka, ndipo ambiri amafera pamawindo a mashedi otsekedwa.

Pa funso lanu loyamba lija la zoti ana aone, funani khoma kapena mtengo umene wayangidwa ndi ivy wokhwima. Chomera chimenechi chimachita maluwa kuyambira Seputembala mpaka Novembala, pamene maluwa ena ambiri atha, ndipo masana a tsiku la dzuwa lopanda mphepo mumapezapo Red Admiral ndi Comma pamodzi ndi njuchi ndi mavu. Agulugufe awiriwa amakondanso maapozi ndi mapulamu ogwa amene ayamba kuwola, choncho mukhoza kuika zipatso zotere pambale pamalo owomba dzuwa. Red Admiral kale ankadziwika kuti amabwera kuchokera kum'mwera chaka chilichonse, koma masiku ano ambiri akupyola m'chisanu kum'mwera kwa England, ndipo kuno ku Bristol si zachilendo kumuona akuwothera dzuwa pakhoma mu Disembala.

Amene simumuonanso tsopano ndi Painted Lady, yemwe sangapirire chisanu cha kuno ali dzira, mbozi, chikwa kapena gulugufe. Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti amangofa nyengo ikatha, chifukwa palibe amene ankamuona akubwerera. Mu 2009 anabwera ochuluka zedi, ndipo ofufuza atagwiritsa ntchito makina a radar anapeza kuti amabwerera kum'mwera akuuluka m'mwamba mamita pafupifupi 500, kumene maso a munthu safika. Ulendo wonse wochokera ku Africa kukafika kumpoto kwa Ulaya ndi kubwerera ndi wa makilomita pafupifupi 14,000, ndipo umatenga mibadwo yofika 6. Ndatchula zimenezi chifukwa mbozi zimene zimagulitsidwa m'timabotolo kuti ana aziweta nthawi zambiri zimakhala za Painted Lady, ndipo kuziweta mochedwa chonchi n'kuulutsa gulugufe m'nyengo imene anzake anachoka kale.

Ndikusiyana pang'ono ndi Bambo Mwale pa nkhani ya shedi. Kuno kum'mwera chakumadzulo nyengo yachisanu imakhala yonyowa ndi yofundirapo, ndipo shedi yamatabwa imatha kufunda mu Febuluwale moti zikwa zimaswa nthawi isanakwane. Ine ndimaika zikwa m'kabokosi kapulasitiki kotseka bwino, pansi pali kapepala kofewa, n'kuika m'munsi mwa firiji pa madigiri 4 kapena 5. Kabokosiko kayenera kutsekeka ndithu chifukwa mpweya wa m'firiji umaumitsa, ndipo kamafunika kukatsegula nthawi ndi nthawi kuti muone ngati mulibe chinyezi chochuluka kapena chuku. Ubwino wake ndi wakuti inu ndi amene mumasankha tsiku lozitulutsa.

Bambo Mwale, Norwich

Bambo Chisale, njira ya firiji ndi yodalirika ndipo oweta ambiri amaigwiritsa ntchito, koma zikwa za Mayi Nabanda zamamatira kubokosi lalikulu, ndipo kuzikanganula kuti zilowe m'kabokosi ka m'firiji n'kumene kungazivulaze. Ku Leicester kumazizira kuposa ku Bristol, choncho shedi yopanda dzuwa ikwanira. Ubwino wina wa shedi ndi wakuti zikwa zimamva nyengo yeniyeni ya chaka chimenecho, moti zimaswa nthawi imodzi ndi zinzake za kutchire.

Mayi Nangozo, funso lanu n'lomveka ndipo sindikulipeputsa. Komabe agulugufe ochepa otuluka m'bokosi limodzi sasintha kanthu padimba, chifukwa Large White amauluka mitunda italiitali, ndipo chaka chilichonse ena amaoloka nyanja kuchokera ku Ulaya kudzawonjezera amene ali kuno. Wolima amene akufuna kuteteza kabichi amaphimba ndi neti yothina imene sikhudza masamba, chifukwa neti ikagona patsamba gulugufe amaikira mazira kudzera m'mabowo ake. Ndikuonanso kuti gulugufe wofala chonchi ndiye woyenera kuyamba naye, poti kulakwitsa kwa wophunzira sikuchepetsa mtundu umene uli kale pangozi. Amene akufuna gulugufe wosaononga ndiwo adikire Meyi ndi Juni, pamene mbozi zakuda za Peacock ndi za Small Tortoiseshell zimaunjikana pa chomera choyabwa chija cha nettle. Atengeko zochepa zokha, ndipo akaulutse agulugufewo pamalo omwe anatenga mbozizo.

Pali mitundu ina imene lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaletsa kuigwira pa msinkhu uliwonse. Umodzi mwa iyo ndi Swallowtail, gulugufe wamkulu kuposa onse a kuno, amene amaswana m'madambo a Norfolk Broads okha chifukwa mbozi yake imadalira chomera cha milk-parsley. Panopa zikwa zake zili pamapesi a bango m'madambomo, ndipo wozipeza ayenera kuzisiya pomwepo. Wina ndi Large Blue, amene anatheratu mu Britain mu 1979 ndipo anabwezeretsedwa ndi agulugufe ochokera ku Sweden.

Ndikulimbikitsanso kuti chilichonse chimene ana aone m'milungu ino achilembe, ndi tsiku ndi malo ake. Kawerengedwe ka mlungu ndi mlungu ka UK Butterfly Monitoring Scheme, kamene kanayamba mu 1976, kamachitika kuyambira Epulo mpaka kumapeto kwa Seputembala, ndipo Big Butterfly Count ya bungwe la Butterfly Conservation imachitika mu Julayi ndi Ogasiti, munthu atakhala pamalo amodzi kwa mphindi 15. Mu 2024 owerenga anapeza agulugufe 7 okha pa kuwerenga kulikonse tikagawa mofanana, chiwerengero chotsika kuposa zaka zonse kuchokera pamene ntchitoyi inayamba mu 2010. Miyezi ya Novembala mpaka Malichi ili kunja kwa mawerengedwe awiriwa, choncho Red Admiral woonedwa pa ivy mu Novembala, uthenga wake ukatumizidwa kudzera pa pulogalamu ya pafoni ya iRecord Butterflies, umathandiza kusonyeza mmene nyengo zachisanu zikusinthira.

Mayi Nabanda, kuyambira pakati pa Epulo muziyang'ana m'bokosimo m'mawa uliwonse. Chikwa chikatsala pang'ono kuswa, kuyera kwa mapiko ndi nsonga zake zakuda zimaonekera kudzera pakhungu. Musanafike pamenepo, ikanimo timitengo tokhakhala kapena mupachike neti m'mbali, chifukwa gulugufe akangotuluka amafuna pogwira kuti alendewere pamene akupopera madzi m'mitsempha ya mapiko, ndipo akagwa papulasitiki yoterera mapikowo amauma ali opindika osawongokanso. Amafunika ola limodzi kapena awiri osasokonezedwa, kenako mumuulutse masana kunja kuli dzuwa. Ana adzatha kusiyanitsa okha wamkazi ndi wamwamuna, chifukwa wamkazi ali ndi madontho awiri akuda pamwamba pa phiko lililonse lakutsogolo, pamene wamwamuna alibe.